Anthu akaipidwa, tisamalembe kuti akhumudwa

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za mawu amene atolankhani athu amasankha akamalemba za anthu amene alakwiridwa, kapena amene aona mnzawo akulakwiridwa. M'nkhani za m'Chichewa, kaya zolembedwa kaya za pa wailesi, mawu amene amangobwerabwera ndi akuti anthu "akhumudwa," akuti "adandaula," kapena akuti bungwe lakutilakuti "ndi lokhudzidwa." Zinthu zikafika poipa, magalasi a masitolo akasweka kapena munthu akaphedwa, m'pamene timamva zakuti "anthu okwiya." Komatu pakati pa munthu wokhumudwa ndi munthu woswa magalasi pali anthu ambirimbiri amene aona chosalungama, sakugwirizana nacho, ndipo akunena poyera popanda kutola mwala. Chichewa chili ndi mawu a anthu amenewa, omwe ndi "kuipidwa," ndipo pempho langa ndi lakuti mawuwa abwerere m'masamba anu.

Kuipidwa kudachokera ku mneni woti kuipa, ndipo kapangidwe ka mawuwa kakusonyeza kale pamene pagona vuto: pali chinthu chimene chaipa, ndipo kuipa kwakeko kwamufika munthu pamtima. N'chifukwa chake munthu saipidwa chabe, amaipidwa ndi kanthu. Mnzanu akakuuzani kuti waipidwa, funso limene limabwera lokha pakamwa panu ndi lofuna kudziwa chimene chamuipira, ndipo kuyambira pamenepo maso a nonse awiri ali pa choipacho. Koma akakuuzani kuti wakwiya, mumayamba mwamuyang'ana kumaso ndi m'manja, kenako mumamuuza kuti augwire mtima. Munthu akhoza kudzuka wokwiya chifukwa adagona ndi njala, chifukwa cha matsire, kapena chifukwa ndi mmene adabadwira. M'midzi mwathu tili nawo anthu amene timangoti ndi aukali, ndipo palibe amene amataya nthawi kufufuza chimene chawakwiyitsa lero. Woipidwa amakhala ndi mlandu woti autule, ndipo mlanduwo ukhoza kuzengedwa pabwalo n'kupezeka kuti ndi woona kapena ndi wabodza.

Pafupi ndi mawuwa pali ena, kuwawidwa mtima, amene anthu polankhula amangoti "zandiwawa" kapena "chikundiwawa n'chakuti." Mukamvetsera bwino zimene zimatsatira mawu amenewa, mudzapeza kuti kawirikawiri munthuyo akuyerekeza gawo lake ndi la mnzake: tidalima limodzi koma wakagulitsa yekha, tidalembedwa ntchito tsiku limodzi koma wakwezedwa ndi wa kwawo kwa bwana, mwana wanga adakhoza bwino kuposa wa uje koma malo apita kwa wa uje. Kuwawidwa mtima ndi kwa mwini bala. Kuipidwa kumaposa pamenepo chifukwa kumagwiranso munthu amene iye mwini sadataye kalikonse.

Zoterezi ndidaziona ndi maso pamalo ena ogulitsira feteleza wotsika mtengo. Anthu adali atagona pakhonde, ena atafunda zitenje, ena atatsamira njinga zawo, aliyense atamangirira chiphaso chake cha unzika m'kapepala ka pulasitiki. Pakhomo la kutsogolo ankauzidwa kuti netiweki yavuta, pamene kukhomo la kuseri matumba ankatuluka mmodzimmodzi n'kumakwezedwa pa njinga za kabaza. Pamzerepo padali gogo wina wamkazi amene adali atakhala pansi chifukwa miyendo idali itakana, ndodo ili pambali, ndalama atazimanga pa nsonga ya chitenje. Bambo wina amene adali atagula kale, matumba ake awiri atawamanga ndi malabala pakaliyala, adaimika njinga yake n'kubwerera pazenera. Sadakuwe ndipo sadatukwane. Adangofunsa kalaliki, mokweza pang'ono kuti onse amve, kuti matumba otulukira kuseriwo ndi a ndani pamene agogowa adawapeza pomwepo dzulo lake, ndipo adati sachoka mpaka agogowo atagula. Mzere wonse udangoti zii, kenako amayi awiri adaima pambali pake. Bambo ameneyu akadatha kupalasa njinga yake n'kumapita, pakuti zake zidali zitatheka. Sadali wokhumudwa, ndipo sindinganene kuti ankadandaula. Adaipidwa. Koma nkhani zotere zikafika m'nyuzipepala, mutu wake umakhala wakuti alimi adandaula ndi kagulitsidwe ka feteleza, ndipo khomo la kuseri lija limasowa m'nkhanimo.

Vuto la mawu oti kukhumudwa limaoneka tikakumbukira tanthauzo lake loyamba. Munthu amakhumudwa pa mwala kapena pa chitsa akuyenda, chala n'kutuluka magazi, koma mwalawo sadauike munthu ndi cholinga, ndipo palibe woti akamusumire kwa a mfumu. Timakhumudwa mvula ikadula chimanga chili ndi ngayaye, timakhumudwa timu yathu ikagonja. Tikalemba kuti odwala akhumudwa ndi kusowa kwa mankhwala, pamene zikudziwika kuti mankhwalawo adatuluka pazenera n'kukapezeka pamsika, tachotsa wakuba m'chiganizocho n'kusiya tsoka lopanda mwini. Kudandaula nako kuli ndi malo ake, koma kumamuika munthu pa maondo. Wodandaula amapita kwa wamkulu manja ali kumbuyo, ndipo yankho limene amalandira tonse timalidziwa, lakuti tamva ndipo tiona chochita. Madandaulo amatha kuikidwa m'kabati. Munthu amene akufuna chimene malamulo adamupatsa kale sakupempha chifundo, ndipo nyuzipepala siyenera kumuveka malaya a wopemphetsa.

Mawu oti kukhudzidwa ndiwo amandidabwitsa koposa, chifukwa m'nyuzipepala zathu amagwira ntchito ziwiri zotsutsana. Nkhani ya Cashgate itaphulika mu Sepitembala 2013, ndipo pambuyo pake ofufuza a kampani ya Baker Tilly atapeza kuti ndalama pafupifupi K24 biliyoni zidatuluka m'boma mwachinyengo m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala chaka chimenecho, anthu amene ankaganiziridwa kuti adaba tinkawatchula kuti ndi okhudzidwa ndi kubedwa kwa ndalama za boma. Mabungwe ndi mipingo imene inkadzudzula kubako nayonso tinkailemba kuti ndi yokhudzidwa ndi kubedwa kwa ndalama za boma. Wakuba ndi woberedwa adakhala pansi pa mawu amodzi. Kwa ine, mawu amene angathe kunyamula anthu awiri amenewa nthawi imodzi ndi mawu amene sakunena kanthu. Ndi mawu a m'zikalata za m'maofesi, olembedwa ndi munthu amene akufuna kuoneka kuti walankhula koma asakwiyitse aliyense, ndipo sindidamvepo mayi wa kumudzi amene munda wake walandidwa akunena kuti ndi wokhudzidwa.

Mbali ina ya vutoli ndi yoopsa kwambiri. Mu Januwale 2016, ku Neno, anthu okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mphenzi itapha mtsikana wina, powaganizira kuti ndiwo adaitumiza mwa ufiti. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka mumzinda wa Blantyre, anthu angapo adaphedwa popanda mlandu uliwonse, ena chifukwa chongokhala alendo pamalopo. Pa nkhani ngati zimenezi timathamangira kulemba kuti anthu okwiya apha munthu. Mawu akuti okwiyawo amaoneka ngati akungofotokoza, koma akugwira ntchito ina mobisa, pakuti wowerenga amamva kuti payenera kuti padali chowakwiyitsa, ndipo womwalirayo amayamba kuoneka ngati adaziputa. Agogo a ku Neno sadalakwire munthu, ndipo lamulo lathu la za ufiti la chaka cha 1911 limati amene walakwa ndi wonenera mnzake ufiti. Panalibe chosalungama choti munthu aipidwe nacho kufikira pamene okalambawo adagwa. Kuipidwa kwenikweni kudali kwa ife amene tidamva nkhaniyo pambuyo pake. Choncho zikuoneka kuti mawu amphamvu timawapereka kwa opha, ndipo mawu ofooka timawasungira olakwiridwa. Pamene gulu lapha munthu, chiganizo choona ndi chachifupi, chakuti anthu apha munthu, ndipo ngati mtolankhani akufuna kufotokoza mtima wawo, mawu alipo, monga kulusa ndi kupsa mtima.

Zimene zidachitika kwa Msundwe mu Okutobala 2019 zikuonetsa mitima iwiriyi pamalo amodzi. Pa zionetsero za pamsewu wa Mchinji, wapolisi wina adagendedwa mpaka kumwalira. Pambuyo pake apolisi adalowa m'madera a Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission litafufuza lidapeza kuti amayi ndi atsikana adagwiriridwa ndi kuchitidwa zachipongwe ndi apolisi ena. Ogenda aja adalusa, ndipo obwezera aja adalusanso, ndipo magulu onse awiri adagwera anthu amene adali pafupi ndi dzanja lawo. Kenaka padabwera mtima wachitatu. Amayiwo, ngakhale nkhani yotere imabweretsa manyazi ndi zonena za anthu, adavomera kufotokoza zimene zidawachitikira, maloya a bungwe la Women Lawyers Association adatengera nkhaniyo kukhothi, ndipo mu Ogasiti 2020 khothi lalikulu lidalamula kuti amayi 18 apepesedwe ndi ndalama. Kuchokera pa tsiku la chipwirikiti kufika pa tsiku la chigamulo padapita miyezi khumi. Kupsa mtima sikukhala miyezi khumi kukudikira woweruza, kumazirala kapena kumasanduka chizondi. Chimene chidawayendetsa amayiwa ndi owathandiza ulendo wonsewo chikufunika dzina lakelake, ndipo tikachitchula ndi mawu omwewo amene tidatchulira ogenda, kapena tikangoti adadandaula, tawalakwira kachiwiri.

Mbiri ya dziko lino ili ndi makalata awiri amene ayenera kuwerengedwa ndi mawu amenewa m'mutu. Yoyamba idali kalata yopita kwa mkonzi ngati inoyi. Mu Novembala 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itafika ku Karonga ndipo asilikali achikuda atafa kumeneko, M'busa John Chilembwe wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake idali yakuti pa nthawi ya mtendere zabwino zonse ndi za azungu, koma pa nthawi ya nkhondo amene akuitanidwa kukafa ndi amphawi opanda kanthu, amene akusiya amayi ndi ana amasiye chifukwa cha mkangano umene si wawo, ndipo adati olemera ndi eni minda ndiwo apite kunkhondoko. Iye mwini sadali msilikali, ndipo palibe amene adamuitana kukanyamula katundu wa nkhondo. Boma la atsamunda lidaletsa kuti kalatayo ifalitsidwe. Patangopita miyezi iwiri, usiku wa pa 23 Januwale 1915, anthu ake adaukira minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene anthu ankazunzika ndi thangata ndiponso kumene matchalitchi a udzu a mpingo wake adatenthedwa, ndipo William Jervis Livingstone, woyang'anira mindayo, adadulidwa mutu. Sindikubisa kuti nkhaniyi idathera m'magazi, ndiponso kuti Chilembwe adaphedwa pa 3 Febuluwale, ndipo anthu ake ambiri adaphedwanso. Koma ofufuza amene boma lomwelo lidasankha adavomereza kuti anthu a m'minda ya Bruce ankachitidwa nkhanza. Chimene Chilembwe adaloza chidali choona, ndipo adayamba wachiloza ndi cholembera. Mwana wa sukulu akangophunzitsidwa kuti Chilembwe adakwiya ndi azungu, ndiye kuti waphunzira za mpeni wa Januwale koma za kalata ya Novembala sadazimve.

Kalata yachiwiri ndi ya maepiskopi a mpingo wa Katolika, imene idawerengedwa m'matchalitchi awo onse Lamulungu pa 8 Malichi 1992. Mudalibe chitukwano chilichonse. Idatchula malipiro ochepa a anthu apantchito, kusiyana kwa olemera ndi osauka, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, kutsekera anthu m'ndende osawazenga mlandu, ndi mantha amene adatseka anthu pakamwa. Boma lidati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo kudasanduka mlandu, nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka kumene idasindikizidwa idatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko muno mwezi wotsatira. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavota pa riferendamu ndi kusankha ndale za zipani zambiri. Pa nkhani imeneyi amene adapsa mtima ndi amene adayatsa moto ku Balaka. Maepiskopiwo adalemba mofatsa, ndipo kufatsa kwawoko sikudachepetse mphamvu ya zimene adanena, chifukwa mphamvuyo idali m'zinthu zimene adazitchula chimodzichimodzi, zomwe aliyense wokhala pabenchi m'tchalitchi ankazidziwa kale koma sadazimvepo zikunenedwa mokweza.

Ndikudziwa zimene ena angayankhe. Adzati ife ndife anthu aulemu, nkhondo simanga mudzi, ndipo nyuzipepala isamakolezere moto. Ulemu ndimaulemekeza, koma pabwalo la milandu kumudzi, kumene ulemu umasungidwa kuposa m'nyuzipepala iliyonse, mkulu amatha kuwomba m'manja, kupereka ulemu wonse kwa a mfumu ndi nduna zawo, kenako n'kunena mosapsatira kuti zimene wachita ujeni zamuipira ndipo mudzi usazilekerere. Palibe amene amamutcha wamwano. Chimene chimakolezera moto, monga mmene ndikuonera, ndi kuuza anthu mobwerezabwereza kuti njira zilipo ziwiri zokha, kudandaula kumene sikumveka ndi kukwiya kumene kumaswa zinthu. Mnyamata amene waona kuti odandaula amalembedwa m'kankhani kakang'ono mkati, pamene ootcha matayala amakhala patsamba loyamba, waphunzira phunziro limene sitidafune kumuphunzitsa.

Yankho lina, lomwe ndi lolemera kuposa loyambalo, ndi lakuti kuipidwa kukhoza kukhala kwachiphamaso. Izi ndi zoona. Nsanje imadziwa kuvala nkhope ya munthu wokonda chilungamo, ndipo tawaona andale amene amaipidwa kwambiri ndi katangale akakhala kumbali yotsutsa, koma akalowa m'boma mtima umakhala m'malo ngakhale katangaleyo ndi yemweyo. Nkhani ya Mfumu Davide ndi mneneri Natani, pa 2 Samueli 12, imafotokoza bwino msampha umenewu. Davide atamva za munthu wolemera, wa nkhosa zambiri, amene adalanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka mmphawi kuti aphere mlendo wake, mtima udamuyaka ndipo adagamula kuti munthu wotere ayenera kufa, osadziwa kuti akudziweruza yekha pa zimene adamuchita Uriya. Kuipidwa kwake kudali kolondola, kungoti kudali kusadayang'ane kunyumba. Koma taonani kuti mneneriyo adatha kumugwira Davide chifukwa chakuti mtima wa mfumuyo udaloza chinthu chenicheni, kulanda kwa wamphamvu, chimene chikadatha kuikidwa pambali pa zochita zake. Apa m'pamene mawuwa amathandiza mtolankhani. Wandale akati wakwiya, palibe chomufunsa. Akati waipidwa ndi kugawa ntchito mwachibale, wadzimangirira ku mfundo, ndipo mukhoza kumufunsa chaka chamawa, iye ali pampando, ngati mfundoyo ikadalipo.

Sindikupempha atolankhani kuti azilosera za m'mitima ya anthu, kapena kuti aziika mawu m'kamwa mwa munthu amene sadawanene. Ndikupempha zosiyana ndi zimenezo, kuti asamachotse mawu amene munthu wanena. Ndikukayikira kuti nkhani zambiri zimayamba zalembedwa m'Chingerezi ndipo zimamasuliridwa mothamanga nthawi yosindikiza itayandikira, moti mawu a mlimi amayenda ulendo wopita ku chilankhulo china ndi kubwerako, n'kufika atasuluka. Mtolankhani amene wacheza ndi anthu m'Chichewa asunge zimene wamva m'Chichewa chomwecho. Mayi wamasiye amene abale a mwamuna wake amulanda nyumba, malata, mbuzi ndi makina osokera maliro asadathe n'komwe, pamene lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 likuti kulanda kotero ndi mlandu, akakuuzani kuti zamuwawa, lembani kuti wawawidwa mtima, ndipo tchulani zimene walandidwa. Mkulu wa mpingo kapena nyakwawa imene yaima naye, yomwe payokha sidataye ngakhale nkhuku, lembani kuti yaipidwa ndi kulandako. Ngati nkhawa ndi ya malo pa mutu wa nkhani, muwerenge zilembo: "aipidwa" ali ndi zilembo zisanu ndi ziwiri, pamene "akhumudwa" ndi "adandaula" ali ndi zisanu ndi zinayi.

Ine wowerenga wanu,
ku Zomba